John Wesley (1703–1791): Mlaliki Amene Sanasiye Otembenuka Mtima Kuti Ayende Okha

Komiti yokonza chikondwerero chathu cha zaka 50 inandipempha kuti m'kabuku kano mukhalenso mbiri ya mtumiki mmodzi wa Mulungu wa kale, amene moyo wake ungatiunikire njira ya zaka zikubwerazi. Ndasankha John Wesley wa ku England. Ena timamudziwa monga mlaliki amene ankayenda pa kavalo, ena tinakula tikuimba nyimbo za mng'ono wake Charles zomasuliridwa m'zinenero zathu. Ine ndamusankha chifukwa cha funso limene linamusowetsa tulo zaka zambiri, ndipo landisowetsa tulo inenso chiyambire kutumikira pakati panu. Munthu akamva uthenga pa Sondo, nabwera kutsogolo misozi ili m'masaya, adzamufunsa ndani Lachitatu m'mene moyo wake ukuyendera?

Mwana amene anatulutsidwa m'moto

John Wesley anabadwa mu Juni 1703 ku Epworth, mudzi wa alimi m'chigawo cha Lincolnshire. Atate ake, a Samuel Wesley, anali m'busa wa mpingo wa Anglican, munthu wophunzira koma wosauka, amene nthawi ina anamangidwapo chifukwa cha ngongole. Amai ake, a Susanna, anabala ana 19, ndipo pafupifupi theka la anawo anamwalira ali makanda. John anali wa nambala 15.

M'nyumba yodzaza chotero mwana amatha kukula osaonedwa. Amai Susanna sanalole zimenezo. Anagawa masiku a sabata kuti mwana aliyense akhale ndi nthawi yake yocheza nawo awiriwiri madzulo, kukamba za mtima wake ndi za Mulungu. Nthawi ya John inali Lachinayi, ndipo atakula ankaikumbukirabe ndi kuilakalaka.

Usiku wa pa 9 Febuluwale 1709 nyumba ya abusayo inapsa. Banja litathawira panja linazindikira kuti John, wa zaka zisanu, watsala m'chipinda cha pamwamba, ndipo masitepe anali atagwira kale moto. Munthu wina anatsamira khoma, mnzake nakwera pamapewa ake, namukokera mwanayo pa windo denga litatsala pang'ono kugwa. Kuyambira pamenepo Wesley ankadziyerekeza ndi chikuni chija cha pa Zekariya 3:2. Anapulumuka chifukwa panali anthu amene anaona msanga kuti mmodzi palibe, ndi awiri amene anathandizana kuti amufikire.

Patapita zaka zitatu, a Samuel ali ku London ku msonkhano wa mpingo, amai Susanna anayamba mapemphero a madzulo a Sondo m'khitchini mwawo. Poyamba anali a ana ndi antchito okha, kenaka anansi anapempha kulowa nawo, mpaka anafika pafupifupi 200. John anaona ali mwana kuti nyumba ya munthu wamba ingathe kukhala malo okumanapo ndi Mulungu.

Wakhama koma wopanda mtendere

Mu 1720 analowa yunivesite ya Oxford. Anadzozedwa udikoni mu 1725 ndi ubusa mu 1728. Atabwerera ku Oxford mu 1729 monga mphunzitsi, anapeza mng'ono wake Charles atasonkhanitsa anzake ochepa kuti aziwerenga Baibulo ndi kupemphera pamodzi. John anakhala mtsogoleri wawo. Ankasala kudya Lachitatu ndi Lachisanu, ankadya Mgonero wa Ambuye sabata iliyonse, ankachezera andende ndi odwala, ndipo ankafunsana m'mene aliyense wagwiritsira nthawi yake. Ophunzira anzawo ankawaseka nawapatsa maina achipongwe. Limene linakhalitsa ndi lakuti Methodist, kutanthauza anthu ochita chilichonse motsata ndondomeko.

Mu 1735 John ndi Charles anakwera chombo kupita ku Georgia, ku America, kukagwira ntchito ya umishonale. Pakati pa nyanja anakumana ndi namondwe woopsa. Wesley anagwidwa ndi mantha a imfa, pamene Akhristu ena a ku Germany a mpingo wa Moravian, amuna, akazi ndi ana omwe, anapitiriza kuimba nyimbo zawo mosatekeseka. Atafika pamtunda, mmodzi wa atsogoleri awo, August Spangenberg, anamufunsa maso ndi maso ngati akumudziwa Yesu Khristu monga Mpulumutsi wake wa iye mwini. Wesley anayankha kuti inde, koma m'buku lake la tsiku ndi tsiku anavomereza kuti yankholo linali la pakamwa chabe. Anali atakhala m'busa zaka zisanu ndi ziwiri, koma funso lolunjika la mbale mmodzi linaulula zimene maphunziro ndi kolala zinali zitabisa.

Utumiki wa ku Georgia unatha moipa. Anakonda mtsikana wina, Sophia Hopkey, koma anazengereza kumufunsira mpaka mtsikanayo anakwatiwa ndi wina. Pambuyo pake Wesley anamukaniza Mgonero, nkhani inapita ku khoti, ndipo mu Disembala 1737 anachoka m'dzikomo usiku, mutu uli pansi.

Ku London anakumana ndi Peter Böhler, wa mpingo wa Moravian womwewo, amene anamuphunzitsa moleza mtima kuti munthu amapulumuka mwa chikhulupiriro, osati mwa kuchuluka kwa ntchito zake. Madzulo a pa 24 Meyi 1738 Wesley anapita monyinyirika ku kamsonkhano ka pa msewu wa Aldersgate. Wina ankawerenga mawu oyamba amene Martin Luther analemba pa kalata ya kwa Aroma. Itatsala pang'ono kukwana 9 koloko, anamva kufunda mumtima, natsimikiza kuti Khristu wachotsa machimo ake a iye mwini. Izi zinachitika pakati pa sabata, m'chipinda, pakati pa abale ochepa. Chaka chomwecho anapita ku Herrnhut ku Germany kukaona m'mene Amoravian ankagawira anthu awo m'timagulu tating'ono toyang'anirana.

Ulaliki wa pabwalo

Uthenga wake watsopano unakwiyitsa abusa ambiri, ndipo maguwa anayamba kutsekedwa pamaso pake. Mnzake wa ku Oxford, George Whitefield, anali atayamba kulalikira pabwalo kwa anthu okumba malasha a ku Kingswood pafupi ndi Bristol, anthu onyozeka amene analibe tchalitchi pafupi. Anamuitana Wesley kuti adzapitirize ntchitoyo. Wesley, munthu wa mwambo, ankaona ngati kulalikira kunja kwa tchalitchi n'kulakwa, koma pa 2 Epulo 1739 anaima pabwalo m'mphepete mwa Bristol nalalikira kwa anthu pafupifupi 3,000.

Anthu amenewa sanali osiyana kwambiri ndi makolo athu amene anachoka ku Chipata, Petauke, Katete, Kasama ndi Mongu kudzafuna ntchito ku Lusaka. Kumudzi munthu anali ndi maso ambiri omuona: ankhoswe, amalume, anamkungwi, anyakwawa. M'tauni muli anthu ambiri koma palibe amene amafunsa. Ku London masiku amenewo mowa waukali wotchedwa jini unali wotchipa ndipo unkapha osauka, monga kachasu ndi tujilijili zapululira anyamata m'makomboni mwathu. Anthu ankamva uthenga nalira, koma mawa lake ankabwerera m'chipinda chomwecho, kwa anzawo omwewo, ku botolo lomwelo.

Wesley anayamba kusonkhanitsa odzutsidwawo m'misonkhano ya pakati pa sabata. Mu 1739 anamanga nyumba yokumaniramo ku Bristol yotchedwa New Room, ndipo ku London anakonza nyumba yakale yosuliramo mizinga yotchedwa Foundery. Koma anthu atafika mazanamazana, anapeza vuto limene m'busa aliyense amalidziwa. Ankatha kuwalalikira onse, koma sankatha kudziwa m'mene aliyense akukhalira kunyumba kwake.

Yankho linabwera kudzera m'ngongole

Nyumba ya New Room inamangidwa ndi ndalama zokongola. Pa 15 Febuluwale 1742 abale a ku Bristol anakhala pansi kukambirana za kubweza ngongoleyo. Mkulu wina woyendetsa zombo, Captain Foy, anapereka maganizo akuti membala aliyense azipereka kobiri limodzi pa sabata. Wina anatsutsa kuti ambiri ndi osauka kwambiri, sangakwanitse ngakhale kobirilo. Foy anapempha kuti amupatse anthu 11 osaukitsitsa, iye aziwayendera sabata iliyonse, ndipo amene alibe aziwalipirira yekha. Ena anavomera kuchita chimodzimodzi. Motero anthu onse anagawidwa m'magulu a anthu pafupifupi 12, lililonse ndi mtsogoleri wake, ndipo magulu amenewa anatchedwa makalasi.

Posakhalitsa mtsogoleri wina anabwera kudzauza Wesley kuti popita kukatenga kobiri anapeza mbale wina akukangana ndi mkazi wake. Winanso anapezeka ataledzera. Pomwepo Wesley anazindikira kuti chimene anachifunafuna kwa nthawi yaitali chapezeka. Analamula atsogoleri kuti asamafunse za kobiri lokha, azifunsanso za makhalidwe ndi za mtima wa munthu aliyense. Mwezi wotsatira njira yomweyi inayambika ku London, kenaka kulikonse kumene kunali Amethodist.

Poyamba atsogoleri ankayenda nyumba ndi nyumba, koma izi zinavuta. Zinkadya nthawi yambiri. Ena anali antchito okhala m'nyumba za mabwana awo, ena ankakhala mopanikizana ndi abale osapemphera, moti panalibe pokambira momasuka. Ife a nyumba za lendi, za chipinda chimodzi chogawa ndi katani, tikumvetsa. Komanso anthu awiri akayambana, nkhani sinkatha mpaka akhale pamodzi. Choncho anagwirizana kuti kalasi yonse izikumana pamalo amodzi kamodzi pa sabata.

Zimene zinkachitika m'kalasi

Dzina lakuti kalasi lisatisokoneze. Simunali bolodi, mayeso kapena ulaliki. Anthu ankakumana kwa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, m'khitchini, m'shopu kapena m'chipinda cha mmodzi wa iwo. Ankayamba ndi nyimbo ndi pemphero. Mtsogoleri ankayamba ndiye kunena m'mene sabata yake yayendera pamaso pa Mulungu, zokoma ndi zowawa zomwe. Kenaka ankafunsa mmodzimmodzi, potchula dzina, za m'mene mzimu wake ulili. Atamva, ankalangiza, kudzudzula, kutonthoza kapena kulimbikitsa monga kunayenera. Ankalandiranso chopereka chothandizira osauka. Sabata iliyonse atsogoleri ankakumana ndi mlaliki kumuuza amene akudwala ndi amene akuyenda molakwika osamva kudzudzulidwa.

Khomo lolowera linali lalikulu. Malamulo amene John ndi Charles anasindikiza mu 1743 sanafune kuti munthu akhale wotembenuka kale. Chofunika chinali njala yofuna kupulumuka ku machimo ake. Koma njalayo inayenera kuoneka m'zinthu zitatu: kuleka zoipa, kuchitira ena zabwino, ndi kusunga mapemphero, Mawu ndi Mgonero. Ambiri amene anadzutsidwa ndi ulaliki wa pabwalo anadzapeza mtendere wa chikhululukiro m'kalasi patapita miyezi.

Miyezi itatu iliyonse Wesley kapena mlaliki womuimira ankacheza ndi membala aliyense, namupatsa tikiti yolembedwa dzina lake. Amene ankajomba kalasi popanda chifukwa sankalandira tikiti yatsopano. Munthu sankatha kukhala Mmethodist wa dzina lokha.

Panalinso timagulu tina tating'ono kwambiri, ta anthu anayi, asanu kapena asanu ndi mmodzi, ta iwo amene anali atalandira kale chikhululukiro ndipo ankafuna kukula m'chiyero. Umu amuna ankakhala paokha, akazi paokha, okwatira paokha ndi osakwatira paokha. Potsata Yakobo 5:16, aliyense ankafunsidwa za tchimo limene wachita chikumanire komaliza, mayesero amene wakumana nawo, m'mene wapulumukira, ndi chimene waganiza, wanena kapena wachita chimene akukayika ngati ndi tchimo. Munthu sankakakamizidwa kulowamo. Asanalowe ankafunsidwa ngati ali wokonzeka kuuzidwa zolakwa zake mosabisa.

Chilango ndi chifundo

Wesley sankanyengerera. Mu Malichi 1743 anayendera abale a ku Newcastle nachotsa anthu 64. Mwa iwo 17 anachotsedwa chifukwa cha kuledzera, awiri chifukwa chogulitsa mowa waukali, atatu chifukwa cha ndeu, mmodzi chifukwa chomenya mkazi wake, atatu chifukwa cha bodza, anayi chifukwa cha miseche ndi kunyoza anzawo, ndipo 29, gulu lalikulu koposa, chifukwa chongotenga za Mulungu mwachibwana. Tiyang'ane bwino za bambo womenya mkazi uja. Pa Sondo akadakhala pa benchi atavala jekete, osadziwika. Kalasi ndiyo inamva kulira kwa mkazi wake.

Koma wochotsedwa sankatayidwa. Panali misonkhano yapadera ya amene anagwa ndipo akufuna kubwerera, kumene ankapemphereredwa ndi kulangizidwa mpaka aimenso.

Atsogoleri a makalasi anaonanso zimene mlaliki wa pa kavalo sakadaona: mphika wosaphikidwa, mwana wodwala, mmisiri amene wapinyolitsa zida zake. N'chifukwa chake mu 1746 Wesley anayambitsa thumba lobwereketsa ndalama kwa osauka ofuna kuyamba kabizinesi, mpaka paundi imodzi, yobweza m'miyezi itatu, kuti asagwe m'manja mwa amene ife timawatcha a kaloba. Chaka chomwecho anatsegula malo operekera mankhwala kwaulere ku London. Mu 1748 anatsegula sukulu ya Kingswood.

Makalasi anasulanso atsogoleri. Amisiri omanga, osoka nsapato, oluka nsalu ndi amai apanyumba, anthu amene sakadaloledwa kutsegula pakamwa m'tchalitchi, anaphunzira kupemphera pagulu, kusunga ndalama za anzawo ndi kuweta miyoyo. Alaliki ambiri anachokera m'menemu. Mu 1761 ku Derby, amai Sarah Crosby anapita kukatsogolera kalasi napeza anthu pafupifupi 200 akudikira. Polephera kufunsa mmodzimmodzi, anaimirira nalankhula kwa onse, ndipo Wesley atamva sanawaletse.

Mu 1763 Wesley anayendera dera la Pembrokeshire ku Wales, kumene kunali kutachitika maulaliki amphamvu kwa zaka 20 koma popanda makalasi. Anapeza kuti mwa anthu khumi amene anadzutsidwa, asanu ndi anayi anali atagonanso tulo toposa poyamba. Anatsimikiza mtima kuti kulalikira osasonkhanitsa odzutsidwawo ndi kuwaphunzitsa n'kuwasiya m'manja mwa mdani. Mlimi aliyense wa kwathu angamumve: wobzala osapalira amakolola udzu.

Pamene iye mwini anapunthwa

Ndingakhale ndikukunamizani nditabisa kufooka kwake. Wesley anali wouma mutu ndi wokonda kulamula. Mu 1751 anakwatira mai wamasiye, Mary Vazeille, mothamanga, ndipo mng'ono wake Charles anangouzidwa nkhani itapsa kale. Anali atatsimikiza kuti ukwati sudzachepetsa maulendo ake ngakhale tsiku limodzi, ndipo anachitadi zomwezo. M'nyumba munalowa nsanje ndi mikangano, mkazi wake anachoka kangapo mpaka anapitiratu, ndipo atamwalira mu 1781 Wesley anamva za malirowo ataikidwa kale. Munthu amene anaika anthu zikwizikwi pansi pa uphungu wa abale awo sanamvere uphungu pa nkhani ya banja lake. Izi ndazilemba makamaka kwa ife abusa, akulu a mpingo ndi madikoni. Wofunsa anzake nayenso afunika womufunsa.

Ukalamba ndi imfa

Wesley ankadzuka 4 koloko m'mawa ndipo kawirikawiri ankalalikira 5 koloko, anthu asanapite ku ntchito. Owerengera amati anayenda makilomita pafupifupi 400,000 nalalikira maulaliki oposa 40,000. Anagendedwa miyala ndi kukokedwa ndi magulu achiwawa, monga ku Wednesbury mu 1743, koma atakalamba mizinda imene inamuthamangitsa inkamulandira mwaulemu. Ndalama zambiri zimene anapeza pa mabuku ake anazigawa. Mu 1774 analemba kabuku kotsutsa ukapolo, ndipo kalata yake yotsiriza, ya pa 24 Febuluwale 1791, inapita kwa William Wilberforce kumulimbikitsa kuti asatope pa nkhondo yothetsa malonda a akapolo a ku Africa kuno.

Anamwalira pa 2 Malichi 1791 m'nyumba yake ya pa City Road ku London, ali ndi zaka 87, akadali m'busa wa mpingo wa Anglican. Monga analembera m'wilo yake, bokosi lake linanyamulidwa ndi amuna osauka asanu ndi mmodzi, aliyense nalandira paundi imodzi. Anasiya Amethodist oposa 70,000 ku Britain ndi Ireland, ndi zikwi zina zambiri ku America. Aliyense wa iwo anali ndi dzina lolembedwa m'buku la mtsogoleri wa kalasi, ndiponso munthu woti amufunefune akasowa.

M'mibadwo yotsatira, Amethodist atalemera ndi kumanga matchalitchi aakulu, ambiri anayamba kuona mafunso a m'kalasi ngati ochititsa manyazi. M'malo ambiri kalasi inasanduka mwambo chabe, kapena njira yotolera ndalama, ndipo pang'onopang'ono inazima.

Ife a m'komboni

Mbewu ya Wesley inafika m'dziko lathu. Amishonale a Primitive Methodist anakhazikitsa mishoni ku Nkala pakati pa Aila mu 1893, ndipo a Wesleyan Methodist anayamba ntchito ku Chipembi nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatsala pang'ono kuyamba. Pa 16 Januwale 1965 Amethodist analowa mu United Church of Zambia pamodzi ndi mipingo ina ku Mindolo, ku Kitwe. Lero mipingo yambiri ya mu Lusaka, ya maina osiyanasiyana, ili ndi magulu a m'manyumba, ena amati maseksheni, ena maselo. Funso ndi lakuti timachitamo chiyani.

Amene anayamba mpingo wathu uno zaka 50 zapitazo anali ochepa moti onse ankadziwana. Wina akasowa pa Sondo, madzulo ake omwewo anthu anali pakhomo pake. Sanafunikire kuwerenga za Wesley. Mulungu watichulukitsa, ndipo tikumuyamika chifukwa cha nyumba iyi, makwaya athu ndi ana odzaza Sande sukulu. Koma chinachake chatipulumuka m'manja. Chaka chatha ndinaitanidwa ku maliro a bambo wina amene dzina lake lili m'buku lathu la mamembala. Anadwala miyezi inayi m'kachipinda ka lendi, mtunda wosakwana mphindi khumi kuyenda pansi kuchoka pa geti la tchalitchi chino. Palibe wa ife amene anadziwa, ndipo woyamba kusadziwa ndinali ine m'busa wake. Ndinalalikira pa maliro aja mawu akundikakamira pakhosi. Tikumbukirenso 2020, pamene matchalitchi anatsekedwa chifukwa cha COVID-19. Zitseko zitatsegulidwanso, ena sanabwerere mpaka lero, ndipo ambiri mwa iwo ndi amene analibe kagulu kowaimbira foni.

Njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Amai athu a pa msika wa Soweto, ku Matero, ku Chawama ndi ku Mtendere amadziwa chilimba. Amadziwana maina, amadziwa tsiku lopereka, ndipo wina akalephera amamulondola kunyumba kuti amve chavuta n'chiyani. Ngati tichita khama lotere pa makwacha, nanga pa miyoyo imene Khristu anaifera? Ambuye pa Mateyu 28:19-20 anatituma kupanga ophunzira ndi kuwaphunzitsa kusunga zimene analamula. Kusunga sikuoneka pa benchi la tchalitchi. Kumaoneka pa sitandi ya tomato, m'minibasi, pa mpopi wa madzi ndi m'chipinda chogona.

Pempho langa m'chaka chino cha chikondwerero ndi ili. Membala aliyense akhale m'kagulu ka anthu osapitirira 12 a kufupi ndi kumene akhala, kokumana ola limodzi sabata iliyonse. Kakakula, kagawike. Mtsogoleri asakhale mlaliki wachiwiri. Ntchito yake ikhale kuyamba ndi kunena za iye mwini, kufunsa aliyense, kumvetsera, ndi kuuza akulu a mpingo za odwala ndi osowa. Amene akufuna kulowa mozama apeze anzawo atatu kapena anayi, abambo paokha, amai paokha, achinyamata paokha.

Ndikudziwa chimene ambiri mukuopa. M'komboni makoma ndi opyapyala, ndipo nkhani yonenedwa madzulo imafika pa mpopi m'mawa. Mantha amenewa ndi oona. Kumbukirani kuti ku Newcastle amiseche anachotsedwa pamodzi ndi oledzera. Nafenso tidzatero: wotulutsa chinsinsi cha mbale wake adzayankha pamaso pa akulu a mpingo. Tisalolenso kuti magulu athu akhale otolera zopereka ndi ndalama za chimango chabe. Makalasi a Wesley anayamba ndi kobiri nafika ku mtima, ndiye ife tisayende chobwerera m'mbuyo.

Sindikukutumani kumene ine sindipita. Ndapempha abale atatu kuti tizikumana sabata iliyonse, ndipo ndawapatsa ufulu wondifunsa za pemphero langa, za ndalama za mpingo zodutsa m'manja mwanga, za foni yanga, ndi za m'mene ndikukhalira ndi amai abusa ndi ana kunyumba. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mutu wa m'busa nawonso ndi umodzi chabe.

Pa Sondo lotsatira chikondwerero chathu, akulu a maseksheni adzakhala pakhomo ndi mabuku. Lembetsani dzina lanu. Mukatero, ganizirani munthu mmodzi amene ankakhala pafupi nanu m'tchalitchi muno ndipo simunamuone kwa miyezi, mupite kukagogoda pakhomo pake sabata yomweyo. Mulungu amene anasunga makolo athu zaka 50 izi atisunge nafenso, ndipo atiphunzitse kusungana.